Chigoba cha Pansi pa Mango: Kusaka Zitseko ndi Nyundo Zodzutsira Galimoto Yakale ku Chadiza

Aliyense amene anayendapo m'midzi ya m'boma la Chadiza, kaya kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, adzandivomereza kuti nkovuta kutha tsiku osaona chigoba cha galimoto chiri phee kuseri kwa nyumba ya wina. Matayala anachoka kale; ena anasanduka nsapato, machubu anasanduka malegeni omangira katundu panjinga. Nkhuku zimaikira mazira pampando wa woyendetsa. Ana amakwera, nagwira chiwongolero, natha ulendo wonse wa ku Lusaka ndi pakamwa pokha. Mukafunsa eni khomo, yankho limafanana kulikonse: inali ya malemu bambo, tidzaikonza tikadzapeza ndalama.

Kwathu kunalinso chigoba chotere pansi pa mtengo wa mango. Inali Land Rover yaitali ya mtundu wa Series III, imene atsibweni anga anagula pamene boma linkagulitsa magalimoto ake otopa. M'masiku ake inanyamula chimanga, mtedza ndi thonje. Inathamangitsa amayi apakati usiku kupita nawo kuchipatala. Inanyamula maliro a pamudzi osawerengeka, ndipo pomaliza inaperekeza mwini wake yemwe kumanda. Kuchokera tsiku limenelo sinayendenso.

Chaka chatha, anthu atangotha kukolola, kunafika anyamata awiri ndi kalole ndi sikelo. Ndi aja ogula zitsulo zakutha, zimene zambiri zimakathera m'ng'anjo za fakitale yosungunula zitsulo ku Kafue. Anaizungulira kawiri, namenya apa ndi apo, ndipo anatchula mtengo wake monga momwe munthu atchulira mtengo wa soya: pa kilo. Amayi amasiye a pakhomopo sanayankhe. Madzulo ake anatiitana tonse, ine ndi asuweni anga, nati tisankhe chimodzi, kuigulitsa kapena kuidzutsa, chifukwa iwo atopa ndi kusesa masamba pansi pake.

Pano ndiyenera kuulula kanthu. Mwa mwambo wathu wa Achewa, chuma cha atsibweni chinkatsata mwana wa mlongo wawo, ndipo mumtima mwanga ndinkaiyesa yanga. Koma lamulo la mu 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limagawa mwina: magawo 20 mwa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Galimoto inali ya amayi aja ndi ana awo, ine ndinali wothandiza chabe. Ndayamba ndi zimenezi dala, pakuti amene afuna kugula chigoba, ngakhale chitseko chake chokha, ayambe wadziwa kuti mwini wake weniweni ndani, ndiponso ngati chikalata chake, chija timati white book, chiripo ndipo nambala yolembedwamo ikugwirizana ndi yodindidwa pa tchesisi. Popanda zimenezi mudzataya thukuta pa galimoto imene a RTSA, bungwe loona za pamsewu lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, sadzailola kuyenda.

Magalimoto amenewa anachokera kuti?

Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mumzinda wa Amsterdam pa 30 April 1948. Nkhondo yaikulu yachiwiri inali itangotha, ndipo ku Britain chitsulo chinali chosowa, boma linkachita kugawira mafakitale mwa muyeso. Aluminiyamu ndiye ankapezeka. Motero a kampani ya Rover anapanga bodi ndi aluminiyamu wosakaniza ndi magnesium pang'ono, wotchedwa Birmabright, ndipo malata ake anawasiya osalala, ongopindidwa m'makona, kuti asataye ndalama pa makina aakulu oumbira malata. Kusowa kwawo kwa nthawi imeneyo ndiko kukutithandiza ife lero, chifukwa lata losalala mmisiri wa pamudzi angathe kulidula ndi kulipinda ndi manja. Series II inatuluka mu 1958, Series IIA mu 1961, Series III kuyambira 1971 mpaka 1985. Dzina loti Defender linadza mu 1990, ndipo yotsiriza ya banja limeneli inatuluka m'fakitale ya ku Solihull pa 29 January 2016.

Kuno kwathu ena a magalimoto amenewa ankalumikizidwa ku Ndola, pamene ku Livingstone, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ankalumikiza ma Fiat. M'misewu ya kum'mawa kuno munkayendanso Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200 ndi Toyota Hilux zoyambirira. Kenaka mavuto anatsatana. Malire athu ndi Rhodesia anatsekedwa mu January 1973, mtengo wa kopa unagwa cha m'ma 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo zipangizo za magalimoto zinasowa nazo. Zaka zowawa zimenezo ndizo zinabala mbadwo wa amisiri amene ankati chosagulika chipangidwe. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan anadzaza dziko, mafakitale olumikiza magalimoto anatsekedwa, ndipo akale aja anakankhidwira pansi pa mango. Amisiri a mbadwo uja lero ndi okalamba, maso ayamba kuchita chidima, ndipo chaka chirichonse timaika m'manda mmodzi kapena awiri pamodzi ndi nzeru zawo.

Kunja kwa nyanja, galimoto yotere ndi chuma cha anthu olemera. Mu 2016 kampani ya Land Rover yomwe inalengeza kuti idzakonzanso ma Series I okwana 25 kuti akhale ngati atsopano, ndipo zigoba zina inakazitenga kutali ngati ku Australia. Chifukwa chake nchakuti ku Ulaya amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo mcherewo umadya chitsulo. M'maiko ouma, akutali ndi nyanja, chitsulo chimakhalitsa. Ifenso tiri ndi mwayi umenewo. Komabe ndisakunamizeni, awerengi: palibe mzungu amene akubwera ku Chadiza ndi chikwama cha ndalama kudzagula chigoba chanu. Phindu la kuidzutsa ndi matumba a chimanga amene idzanyamula ndi odwala amene idzafikitsa kuchipatala.

Yambani mwagwada

Tinaitana mmisiri wachikulire wa pa boma, amene anaphunzira kuwongola magalimoto m'zaka zosowa zija. Ife tinali kumuonetsa zitseko zophwanyika, koma iye sanaziyang'ane nkomwe. Anayala thumba pansi, nakwawira kunsi kwa galimoto ndi kanyundo, nayamba kugogoda tchesisi kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu. Chodyedwa ndi dzimbiri chimayankha mogonthera, ndipo nthawi zina nyundo imangolowa. Tchesisi ya Land Rover ndi yachitsulo, yopangidwa ngati bokosi lalitali, ndipo matope a dzinja akalowa mkati amasunga chinyezi miyezi yambiri, nadya kuchokera mkati. Malo oyenera kuwakayikira ndi mtanda wakumbuyo, timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, ndi pamene pamangidwa masipuling'i. Pambuyo pake anayang'ana khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu okwera, limene amisiri amati bulkhead, makamaka popondera mapazi ndi m'mizati yogwira zitseko. Tchesisi ndi khoma limeneli zikakhala zowola kotheratu, chigobacho nchabwino kungoperekako ziwalo kwa chinzake. Zathu zinali ndi mabowo, koma otsekeka.

Mdani wina wa magalimoto a alimi ndi feteleza. Thumba likabooka kumbuyo kwa galimoto, timibulu tija timalowa m'ming'alu, timakoka chinyezi, ndipo timadya chitsulo msanga kuposa mvula. Asidi wa batire amachitanso chimodzimodzi pansi pa malo ake. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma pamene wakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, amasanduka ufa woyera ngati phulusa ndi kubooka. Nchifukwa chake zitseko za Land Rover zimawola m'munsi: mafupa ake ndi achitsulo, khungu lake ndi la aluminiyamu.

Amene mukuyang'ana galimoto yachitsulo, monga Peugeot kapena Datsun, nyamulani maginito ochokera m'sipika ya wailesi yakufa. Pamene maginito akana kugwira, dziwani kuti pansi pa utoto wonyezimirawo pali phala lija lomatira mabowo lotchedwa filler, mwina lochindikala ngati chala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa Land Rover maginito sathandiza, popeza sagwira aluminiyamu. Pamenepo gogodani ndi chala ndi kumvetsera.

Chitseko chiri pa khola la nkhumba

Tinkasowa chitseko cha kumanzere, madigadi a kumanja, ndi malata a pansi popondera. Ine ndinaganiza za Lusaka nthawi yomweyo. Mmisiri uja anaseka, natiuza kuti tiyambe tayendera makola a anansi athu.

Ananena zoona. Magalimoto akale a m'boma lino sanathere ku Kafue onse. Ambiri anamwazikana m'midzi chiwalo chiwalo. Ekiselo yakumbuyo pamodzi ndi bodi yonyamulira katundu zinasanduka ngolo yokokedwa ndi ng'ombe. Boneti ikufolera khola la nkhunda, kapena amayi akuyanikapo mphale. Sefa yachitsulo ya kutsogolo kwa Series IIA anthu ambiri anaotcherapo nyama, chinthu chimene sichitheka ndi ya Series III popeza ndi yapulasitiki. Chitseko chathu tinachipeza midzi itatu kuchokera kwathu, chikutseka khola la nkhumba. Mwini wake sanafune ndalama. Anati timupangire chitseko china chamatabwa cholimba, tiwonjezepo tambala. Tinachita zomwezo, ndipo tinachinyamula panjinga chikununkha, ana akutiseka njira yonse.

Pofunafuna motere pafunika kudziwa chimene chingalowe ndi chimene sichingalowe. Land Rover za Series II, IIA ndi III ziripo zazifupi, za mainchi 88 pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, ndi zazitali za mainchi 109. Kuyambira pa zitseko zakutsogolo kupita kumphuno, ziwalo za yaifupi ndi yaitali zimalowana ngati zonse ziri ndi injini ija wamba ya malita 2.25, bodi yakumbuyo ndiyo yosiyana. Zitseko za mitundu itatuyi nzofanana kukula, koma mahinjesi a Series III ndi ophwatalala pamene akale ndi otukuka. Nyali zinali pakati, pambali pa sefa, kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pamene zinasamukira pa madigadi. Choncho madigadi akale alibe bowo la nyali. Anzathu a ku Mozambique amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, motero bulkhead yochokera kutsidya kwa Chanida ingathe kulowa, pamene yochokera ku Congo, kumene chiwongolero chimakhala kumanzere, idzakuvutani. Musadalire maso. Nyamulani tepi yoyezera, jambulani chiwalo chakale pa foni mbali zonse, ndipo ngati nkotheka dulani katoni m'maonekedwe ake, mabowo a mabawuti omwe.

Malo ena ofunsako ndi kuseri kwa magalaja a mamishoni akale, m'mafamu a fodya ozungulira Chipata, ndi pamene maofesi a boma agulitsa magalimoto otha ntchito. Kuchigwa cha Luangwa, cha ku Mfuwe, magalimoto oonetsera alendo nyama amachotsedwa denga, ena ndi zitseko zomwe, kuti alendo aone bwino. Nkoyenera kufunsa kumene zochotsedwazo zinaikidwa. Pitani ndi ulemu, funsani mwini, lembetsani kapepala kosonyeza kuti mwagula. Chiwalo chotsika mtengo kwambiri, chogulitsidwa madzulo ndi munthu wothamanga, chingakugonetseni m'chitokosi.

Za m'matauni nazi. Ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 70 kuchokera pa boma, masitolo a ku Down Shops ndi msika wa Kapata ndiwo poyambira pa mariveti, mabawuti, utoto ndi malata. Lusaka iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata, pamene Lilongwe ali pafupi kwambiri podzera pa chipata cha Mwami, ndipo magalaja a ku Biwi mumzindawo ndi odziwika pa ziwalo zakale. Kumbukirani kuonetsa katundu wanu kwa a kasitomu ndi kulipira msonkho. Mwini Datsun 1200 ali ndi mwayi woposa tonse, chifukwa galimoto yomweyo inapitiriza kupangidwa ku South Africa, pambuyo pake ndi dzina la Nissan 1400, kufikira 2008, ndipo malata ake atsopano amapezeka kumeneko. Peugeot 404 yonyamula katundu inkalumikizidwa ku Kenya mpaka 1991, koma malata ake ndi okhotakhota, ovuta kupanga ndi manja, ndipo mwini wake ayenera kupeza chigoba chachiwiri. Ku Britain mpaka lero kuli mafakitale opanga pafupifupi chiwalo chirichonse cha Land Rover zakale, ngakhale tchesisi yathunthu. Vuto ndi kulemera: mtengo wonyamulira ndi msonkho zingapose mtengo wa chinthucho. Nzeru ndi kuitanitsa tinthu tating'ono tokha tosapangika pamudzi, monga mphira za m'zitseko, mahinjesi, magalasi a nyali ndi ziwalo za mabuleki. Pa mabuleki pokha musayese kupeka kapena kugula zakutha.

Ine pano ndinapusa. Ndinaona chithunzi cha madigadi pa foni, ndinalankhula ndi wogulitsa wina wa ku Lusaka amene sindinamuonepo, ndipo ndinatumiza ndalama za mtedza wa msuweni wanga. Katundu anafikadi pa basi, wokulungidwa bwino m'masaka. Titamasula tinapeza kuti ndi madigadi a kumanzere, amene tinali nawo kale, ndipo theka lake linali phala lokhalokha. Foni ya wogulitsayo sinayankhenso. Safunsa anadya phula. Mukakhala ndi mbale m'tauni, mutumeni akaone ndi maso, akagwire ndi manja, ndalama zisanachoke.

Chimene chakanika kupezeka chimapangidwa. Malata a pansi popondera anadulidwa pa lata lachitsulo latsopano, lochindikala pafupifupi milimita 1.2. Malata ofolera nyumba sayenera: ndi opyapyala kwambiri, ndipo zinki wokutira pamwamba pake akapsa amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu ngati malungo. Ambiri amakhulupirira kuti kumwa mkaka kumateteza ku utsi umenewu, sikuteteza. Ena amadula mgolo wa malita 200, ndipo chitsulo chake nchabwinodi, koma mgolo umene munali petulo kapena mankhwala suyenera kuyandikira moto kapena chopukusira chotulutsa nthethe, pakuti mpweya wotsalira mkati umaphulika ngakhale patapita miyezi. Udulidwe ndi tchizulo, utadzazidwa madzi. Zigamba za aluminiyamu zimachokera pa denga la Land Rover ina yakufa kapena pa bodi ya basi yakale. Zikwangwani za pamsewu zisiyeni. Wozula chikwangwani cha pa mlatho wakumba manda a munthu wina.

Zida za mmisiri

Kusula si chinthu chachilendo m'dziko la Achewa. Msilikali wa Chipwitikizi António Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wopita kwa Kazembe nadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa, analemba za ng'anjo zawo zosungunulira chitsulo ndi za makasu amene ankagulitsidwa kutali. Ng'anjo zinazima, koma chipala ndi mvukuto zikalipo, ndipo wosula nkhwangwa wa pamudzi panu ndiye sitolo yoyamba ya zida zowongolera galimoto.

Nditaona bokosi la mmisiri wathu ndinadabwa kuchepa kwa zogula m'sitolo. Posulira pake ndi chidutswa cha njanji. Tizitsulo totsamiritsa kuseri kwa lata pomenya, timene amisiri amati dolly, anatipanga yekha: kena pa mutu wa nyundo yaikulu yothyoka, kena pa shafuti ya ekiselo, tonse topalidwa ndi tupa kufikira titasalala ngati galasi, chifukwa chipsera chirichonse cha pa chida chimadindika pa lata. Chomenyera chophwatalala, chonga supuni yaikulu, anachisula pa tsamba la sipuling'i, monganso matchizulo ake. Poumbira malata okhota ndi chitsa cha muwanga chosemedwa dzenje losaya ngati mbale, ndi nyundo yamtengo. Popinda lata mowongoka amalipana pakati pa zitsulo ziwiri za ngodya, namenya pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufikira kumapeto. Thumba lachikopa lodzaza mchenga limagwira ntchito pamene chitsa chakanika.

Zoyenera kugula ndi zochepa, koma zikhale zenizeni: sizasi yodulira malata, chokhomera mariveti, tupa, sowo yodulira zitsulo, chobowolera ndi mano ake, zopanira ziwiri kapena zitatu, nyundo imodzi yopepuka ya nkhope yosalala, ndi chigoba cha kumaso chowotcherera chokhala ndi galasi lakuda loyenera. Magalasi a dzuwa sateteza maso ku moto wa magetsi, ndipo amene anagonapo usiku maso akuwawa ngati mwalowa mchenga adziwa chimene ndikunena. Sizasi yotsika mtengo imatafuna lata m'malo modula. Chida chakale chogula kwa mmisiri wopuma ntchito, kapena kwa banja lake, kawirikawiri chimaposa chatsopano chonyezimira cha pamsika.

Masipanala ali ndi nkhani yawoyawo. Pa Land Rover imodzi yakale mungapeze mabawuti a miyeso itatu: ya Whitworth ya ku Britain, ya mainchi yolembedwa AF, ndi ya mamilimita pa zomalizira ndi pa ziwalo zimene eni ake anaikapo pambuyo pake. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yalowa pa nati ya theka la inchi, koma pa nati yogwidwa dzimbiri imaterereka ndi kudya makona ake. Masipanala a Whitworth ndi osowa m'masitolo a lero. Mukawaona pa mphasa ya wogulitsa zakale, gulani osanyinyirika. Nati yokanika ithireni mafuta a dizilo madzulo, muimasule m'mawa.

Mu 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse, ndipo amisiri odalira makina okha anakhala manja lende. Wa nyundo, chitsa ndi mariveti anapitiriza ntchito.

Aluminiyamu sachenjeza

Kuwongola lata si kulimbana nalo. Mmisiri amayamba kumphepete kwa chibonthocho kupita pakati, kutsata mobwerera njira imene ngozi inadzera, ndi timikwapulo tambirimbiri topepuka, dzanja lina likusisita kuseri kumva chimene maso saona. Womenya mwamphamvu amatambasula lata, ndipo lotambasuka limatukuka ngati chitini choponderezedwa. Pa chitsulo, malo otere amawatenthetsa kufikira atafiira kukula kwa kandalama, nawamenya pang'ono, nawaziziritsa ndi nsanza yonyowa kuti akhwinyate.

Aluminiyamu ndi wina. Akamenyedwa amauma, ndipo mukapitiriza amang'ambika. Ayenera kufewetsedwa ndi moto, koma iye safiira monga chitsulo: amasungunuka pa madigiri 660 nkhope yake isanasinthe, ndipo mumangoona bowo latseguka. Njira ya amisiri akale ndi ya sopo. Amapaka sopo wamtanda wochapira pa malowo, natenthetsa kuseri kwake moyendetsa lawi, kufikira sopoyo atada. Pamenepo amachotsa moto, nalisiya lata lizizire, ndipo limakhala lofewa kwa kanthawi. Likayambanso kuuma, abwereza. Mdzukulu wa atsibweni, mnyamata amene anatsiriza sukulu nakhala pakhomo, anabowola zidutswa zitatu asanagwire nzeru imeneyi. Chachinayi chinatheka, ndipo mkuluyo anangogwedeza mutu osanena kanthu. Tsopano akukamba zokalembetsa ku Chipata Trades Training Institute kuti adzakhale ndi pepala la umisiri.

Kuwotcherera aluminiyamu kumafuna makina amene sapezeka pamudzi. Chigamba chokhomedwa ndi mariveti a aluminiyamu nchokwanira, ndipotu mbali zambiri za bodi imeneyi zinagwidwa ndi mariveti kuchokera kufakitale. Pamene aluminiyamu akumana ndi chitsulo pakani utoto mbali zonse ziwiri kapena ikani mphira pakati. Musatsuke aluminiyamu ndi soda woyabwa uja wopangira sopo, amamudya. Utoto wofiira woteteza dzimbiri ndi wa chitsulo. Aluminiyamu ali ndi utoto wake woyambira, ndipo popanda umenewo utoto wapamwamba umasupuka ngati khungu la njoka.

Makina owotcherera a magetsi, aja opangidwa ndi amisiri a m'makomboni, ndi abwino pa tchesisi koma amaboola lata lopyapyala. Pa malata pafunika lawi la gasi. Ambiri amagwiritsa ntchito kabaidi wothira madzi m'chitini chopanga okha, ndipo chitini chotere chopanda chotsekera moto wobwerera m'paipi ndi bomba loikidwa pakati pa mudzi. Musanayatse moto uliwonse chotsani batire ndi thanki ya mafuta. Pa Land Rover zambiri zakale thankiyo iri pansi pa mpando wa woyendetsa penipeni. Galimoto ikhale pa zitsa zolimba, osati pa jeke yokha. Ana aonerere ali patali.

Za ndalama tinapangana pamaso pa amayi aja kuti ya sukulu ndi ya feteleza sizikhudzidwa, ndipo ntchito iziyenda pokhapokha mbewu zikagulitsidwa. Tinatsata dongosolo la mmisiri: mapepala, tchesisi, mabuleki ndi chiwongolero, injini, bodi, utoto pomalizira. Anthu ambiri amayambira kumapeto, napaka utoto wokongola pa galimoto yosaima ikapondedwa buleki.

Lero Land Rover ija yachoka pansi pa mango, iri pansi pa chisakasa cha udzu. Tchesisi yatsekedwa mabowo, mkati mwake tathiramo oilo wakutha. Injini inalira mwezi wathawu, utsi wake unathamangitsa nkhuku zonse, ndipo amayi aja anatuluka m'khitchini chipande chiri m'manja, naima nthawi yaitali osalankhula. Chitseko cha ku khola la nkhumba chikutseka bwino, ngakhale nchobiriwira pamene galimoto yonse ndi yotuwa. Madigadi a kumanja sanapezekebe. Tamva kuti cha ku Vubwi kuli munthu amene anavundikira nawo chitsime, ndipo anyamata a sikelo aja anaonekanso kumeneko sabata yatha. Loweruka m'mamawa ine ndi msuweni wanga tikupalasa njinga, tepi ndi katoni ziri m'thumba.